Mahedifoni Opanda Waya: Musagule ndi Khutu Lanu Lokha

Lero tikambirane za kachipangizo kamene kadzaza m'masitolo ndi pa mabenchi a mavenda, kuyambira ku Limbe, Lilongwe, Mzuzu mpaka m'misika ya m'maboma: mahedifoni opanda waya, aja olumikiza ku foni kudzera pa Bluetooth.

Taonani mmene ambirife timagulira. Wogulitsa amatsegula kabokosi, n'kulumikiza ku foni yake, n'kuika nyimbo ya amapiano yogunda kwambiri, voliyumu n'kukweza mpaka pothera. Ife timavala, mutu n'kuyamba kugwedezeka wokha, kenako timvekere, "Awa ndiye eniake." Ndalama yatuluka. Mawa lake tili pa depoti, tikuimbira amayi kumudzi, iwo akungoti, "Halo? Halo? Mwanawe, ukumveka ngati uli m'chitsime." Timayamba kutukwana netiweki. Pamene netiweki ilibe mlandu.

Nkhani yake ndi iyi: mahedifoni amagwira ntchito ziwiri, ndipo ntchito yachiwiriyo simuimva ndinu. Nyimbo mumamva nokha, koma mawu anu poimba foni amawamva ndi amene ali kutsidya. Ndiye mukayesa ndi khutu lanu lokha, mwayesa theka la katundu, ndalama mwalipira yonse.

Kuti timvetse chifukwa chake, tibwerere pang'ono. Bluetooth anaiyamba ndi akatswiri a kampani ya Ericsson ku Sweden m'chaka cha 1994, motsogozedwa ndi injiniya wa ku Netherlands, Jaap Haartsen. Mu 1998 makampani asanu, Ericsson, Nokia, IBM, Intel ndi Toshiba, anapanga bungwe loyang'anira luso limeneli. Kachipangizo ka m'khutu koyambirira kanali koimbira foni basi, ka khutu limodzi. Za nyimbo zinabwera pambuyo, ndipo anazitsegulira njira yakeyake. Mpaka lero mahedifoni ambiri ali ndi njira ziwirizo. Pamene mukumvera nyimbo, mawu amangoyenda mbali imodzi, kuchoka ku foni kupita m'khutu, motero mpata wonse ndi wa nyimbo. Njira imeneyi amaitcha A2DP. Koma foni ikangolira inu n'kuyankha, mahedifoni amasamukira ku njira ina yotchedwa HFP, imene imayenera kunyamula mawu opita ndi obwera nthawi imodzi. Pamenepo zinthu zimaphwa. Khutu la wachinyamata limatha kumva mawu okwera mpaka pafupifupi ma hertz 20,000. Njira yakale yoimbira foni sipitirira 4,000, ndipo yokonzedwa bwinoko imafika cha m'ma 8,000. N'chifukwa chake mahedifoni amene amaimba nyimbo mokoma amatha kusanduka ena mukangoyankha foni. Pa WhatsApp n'chimodzimodzi, chifukwa maiki ikangotseguka, njira imasintha.

Palinso vuto la mtunda. Foni mukaiika pakhutu, maiki yake imakhala pafupi ndi pakamwa. Koma timahedifoni tating'ono tija timakhala m'khutu, kutali ndi milomo, ndipo maiki yake imatola zonse: kondakitala woitanira, hutala, chimkuzamawu cha patsidya pa msewu, mphepo. Opanga abwino amaika maiki ziwiri kapena zitatu mbali iliyonse, ndi kaubongo kosefa phokoso kuti patsale mawu anu. Opanga achinyengo amaboola timabowo tiwiri pa pulasitiki, m'kati muli maiki imodzi.

Ndiye muyese bwanji? Musanalipire, lumikizani ku foni yanu, osati ya wogulitsa. Tulukani panja pa sitolo, kapena imani pamene pali phokoso lenileni la msika. Imbirani munthu amene sachita nanu manyazi, mlongo wanu kapena mnzanu wa ponda apa n'pondepo, mumufunse kuti, "Ukundimva bwanji?" Muwerengereni manambala, chifukwa manambala ndi amene amasokonekera msanga, ndipo ambiri a ife pa foni timakambirana mitengo ndi nambala zotumizira ndalama. Ngati mulibe mayunitsi, jambulani uthenga wa mawu muli chivalire, n'kuumvera. Mphindi ziwiri zokha. Wogulitsa akakana kuti muyese, wakuuzani kale zonse zimene mumafuna kudziwa.

Pa makatoni mudzaona zilembo ziwiri zofanana zimene zasokoneza anthu ambiri, ANC ndi ENC. Si chinthu chimodzi. ANC imathandiza khutu lanu: maiki imamvera phokoso la kunja, mahedifoni n'kupanga mawu otsutsana nalo kuti lizime lisanafike m'kati. Imachita bwino pa phokoso losasinthasintha, monga injini ya basi, jenereta kapena ndege, koma mwana akamalira pambali panu mumumva ndithu. Luso limeneli analitchukitsa ndi a Bose, kenako a Sony ndi a Apple, ndipo kulipanga bwino n'kodula. Mukapeza mahedifoni a mtengo wa nkhuku imodzi alembedwa ANC, kaikirani. ENC ndiyo imathandiza khutu la amene mukulankhula naye, posefa phokoso lolowa m'maiki. Wamalonda amene amakhalira kuimba foni tsiku lonse asamale za ENC. Wophunzira amene akufuna kuwerenga m'hositelo yaphokoso asamale za ANC. Ndipo amene amagwira ntchito pachigayo asanamizidwe kuti ANC ndi chotetezera makutu. Zotetezera makutu pa ntchito zilipo zakezake.

Tibwere ku nyimbo. Apa ndiye ogulitsa amakonda kutiopseza ndi manambala. "Awa ndi Bluetooth 5.3, bwana." Chabwino. Nambala imeneyo ingathandize pa kasungidwe ka moto ndi kulumikizana kosadukaduka, koma payokha siikometsa nyimbo. Chimene chimakhudza nyimbo ndi mmene foni imaipanikizira kuti idutse mumphepo. Njira imene mahedifoni onse ali nayo ndi SBC. Mafoni a iPhone amagwiritsanso ntchito AAC. Kampani ya Qualcomm ili ndi yake yotchedwa aptX, pamene Sony ili ndi LDAC, imene imatha kunyamula mpaka makilobiti 990 pa sekondi, kuposa SBC pafupifupi katatu, ndipo inalowa m'mafoni a Android kuyambira pa Android 8 mu 2017. Koma mvetsani apa: foni ndi mahedifoni ziyenera kukhala ndi njira imodzimodziyo. Mukagula mahedifoni a LDAC n'kulumikiza ku iPhone, LDAC yo siigwira ntchito. Mwalipirira chinthu chimene simudzachimva.

Komanso tinene chilungamo. Nyimbo zimene ambiri timamvera ndi zija zotiikira pa memore khadi anyamata obena nyimbo, kapena zotumizirana pa WhatsApp, zopanikizidwa kale mpaka makilobiti 128 kapena kucheperapo. Zimene zinatayika pamenepo palibe mahedifoni angazibweze. Kwa munthu wotero, ine ndinganene kuti za aptX ndi LDAC aziiwale kaye, asamale chinthu chimene palibe amachilemba ndi zilembo zazikulu pa katoni: timphira ta kunsonga. Kamphira kakatseka bwino khutu, besi amamveka wodzaza ngakhale voliyumu ili pansi, ndipo phokoso la kunja limachepa lokha. Kakapanda kukwana, ngakhale mahedifoni odula amamveka opyapyala. N'chifukwa chake m'kabokosi mumayenera kukhala timphira ta misinkhu itatu. Yesani tonse. Makutu a munthu mmodzi amatha kusiyana, lamanja kufuna kakakulu, lamanzere kapakati. Mukavala, gwedezani mutu, tafunani, sekani. Akamasuka mukutafuna, adzagwa mukukwera minibasi.

Ndipo poyesa nyimbo musangoika yogunda. Ikani nyimbo ya kwaya imene mumaidziwa bwino, kapena ya gitala ndi mawu okha. Mahedifoni otchipa amabisa zofooka zawo m'besi. Kwaya ikamamveka ngati mawu onse aphatikana, osasiyanitsa amayi ndi abambo, dziwani kuti besi uja ndi chophimba.

Za maonekedwe, alipo a mitundu itatu. Pali akuluakulu ophimba makutu, okhala ndi uta wodutsa pamutu. Amaimba bwino, batire lawo limatha kukhala maola 30 kapena kuposa, koma mwezi wa October ku Nsanje kapena ku Karonga mudzawavula nokha ndi thukuta. Pali tating'onoting'ono topanda chingwe chilichonse, timene tinatchuka Apple itachotsa bowo la mahedifoni pa iPhone 7 mu 2016 n'kutulutsa AirPods chaka chomwecho. Ndiye pali apakati, okoleka m'khosi, okhala ndi kachingwe kolumikiza makutu awiri. Achinyamata amawanyoza awa, amati ndi a madala. Koma ine ndimawaikira kumbuyo. Batire lawo ndi lalikulupo, maiki imakhala pafupi ndi pakamwa, ndipo mukachotsa m'khutu amangolendewera pachifuwa. Tating'ono tija kamodzi kakagwera m'ngalande pa Chigwirizano, kotsalako mudzangokasunga m'kabati, chifukwa kupeza kanzake kogwirizana nako n'kovuta.

Tsopano batire, pamene pagona bodza lalikulu. Katoni ikalembedwa kuti maola 30 kapena 40, kawirikawiri amawerengera pamodzi ndi moto wa m'kabokosi kotchajira. Timahedifonito patokha timakhala maola 4 mpaka 8, kenako tibwerere m'kabokosi. Ndipo maola amenewo ndi a nyimbo, pa voliyumu yapakati, ANC itazimitsidwa. Kuimba foni kumadya moto kwambiri. AirPods oyambirira aja, Apple yomwe inanena kuti amakwanitsa maola 5 a nyimbo koma maola 2 okha olankhula. Ngati a mtengo umenewo anali otero, muganizire a pa benchi. Funso lofunsa si lakuti amakhala maola angati, koma lakuti amakhala maola angati ndikulankhula, osawabwezera m'kabokosi.

Chinanso n'chakuti batire la m'kati mwa kahedifoni kakang'ono n'lochepa zedi, mwina 30 mpaka 60 mAh, pamene la foni yamakono limafika 5,000. Ubwino wake ndi woti magetsi akathima, kasola kakang'ono kapena pawabanki zimakwanira kutchaja kambirimbiri, ngakhale mapawabanki ena amadzizimitsa okha poganiza kuti palibe chimene chalumikizidwa, chifukwa moto wokokedwa ndi wochepa kwambiri. Kuipa kwake ndi koti batire laling'ono chotero limakalamba msanga. Pakatha zaka ziwiri kapena zitatu, maola 5 aja asanduka 2, ndipo batirelo analimata ndi guluu, mwakuti ngakhale anyamata okonza mafoni amangopukusa mutu. Kutentha kumafulumizitsa ukalamba umenewu, choncho musawasiye padzuwa kapena m'galimoto yotseka mawindo masana. Pogula muziwerengera kuti mukugula chinthu cha zaka zochepa, osati cha muyaya. Izi zikuthandizani kuganiza ngati n'koyenera kuthirapo malipiro a mwezi wathunthu. Muonenso potchajira. Ngati foni yanu ndi ya USB-C, gulani a USB-C, kuti chingwe chikhale chimodzi. A kabowo kakale kaja ka micro-USB nthawi zambiri ndi katundu wokhalitsa m'sitolo, ndipo batire limafooka ngakhale lili m'katoni.

Ndiime kaye apa, chifukwa pali chinthu chimene chikutikhudza ife a pawailesi mwachindunji. Ambiri a inu mukundimva pa FM ya m'foni. M'mafoni ochuluka, waya wa mahedifoni ndiye mlongoti wa wailesiyo. Mukauchotsa, foni imakuuzani kuti lumikizani mahedifoni, ndipo a Bluetooth sangalowe m'malo mwake. Alipo mafoni ena, makamaka timafoni ta mabatani ta Itel ndi Tecno, amene amagwira FM popanda waya, koma ambiri satero. Njira yotsala ndi kumvera wailesi pa intaneti, zimene zimadya bandulo. Choncho akale a waya aja musawataye. Safuna kutchaja, sachedwetsa mawu, ndipo pa mtengo wofanana nthawi zambiri amaimba bwino kuposa opanda waya. Koma Bluetooth payokha siidya bandulo kapena mayunitsi, monga ena amaopera. Ndi kukambirana kwa foni ndi mahedifoni basi, pa mtunda wa mamita pafupifupi 10.

Mtunda umenewu nawo uli ndi malire ake. Bluetooth imayenda pa 2.4 GHz, pamodzi ndi Wi-Fi, ndipo mafunde amenewa amavutika kudutsa m'madzi. Thupi la munthu ndi madzi ochuluka. Ndiye nyimbo ikamadukaduka foni ili m'thumba la kumbuyo, isunthireni kutsogolo musanaweruze kuti mahedifoni afa.

Tinthu tina tidutse mwachangu. Amene mumayenda ndi mafoni awiri, wina wa TNM wina wa Airtel, kapena foni ndi laputopu, funsani ngati mahedifoniwo amatha kulumikizana ndi zipangizo ziwiri nthawi imodzi. Pa katoni amalemba kuti multipoint kapena dual connection. Okonda masewera a pa foni dziwani kuti mawu a Bluetooth amachedwa pang'ono, mwina gawo limodzi mwa magawo asanu a sekondi. Pa kanema foni imadziwa kubisa kuchedwako, koma pa masewera ayi. Othamanga ndi oyenda pamvula muyang'ane IPX4, kutanthauza kuti amapirira thukuta ndi madzi owazika. IPX7 ndi amene anayesedwa pomizidwa mita imodzi kwa mphindi 30. Pakangolembedwa kuti salowa madzi popanda nambala, ndi mawu chabe.

Nanga za feki? Mahedifoni okoperedwa kwambiri ndi AirPods. Okopera afika poti mukatsegula kabokosi pafupi ndi iPhone, chithunzi chimatulukira pa foni ngati enieni. Katoni yokongola, nambala yake ilipo, pulasitiki wokutira ali gwa. Chimene sangabise ndi mtengo ndi maiki. AirPods enieni sangagulitsidwe pa mtengo wa thumba la makala, ndipo poimba foni feki amadziulula. Maganizo anga ndi awa: ndi ndalama zochepa, kuli bwino kugula enieni a kampani yodzichepetsa kusiyana ndi feki wa kampani yotchuka. Oraimo, ya gulu la Transsion lomwe limapanga Tecno, Itel ndi Infinix, imapezeka m'masitolo ambiri kuno kwathu. Palinso Soundcore ya Anker, JBL, Xiaomi ndi Samsung pa mitengo yosiyanasiyana. Koma dzina likangotchuka nalonso limayamba kukoperedwa, ndiye gulani pamalo poti mawa mudzawapeza, ndipo mutenge lisiti lolembedwa tsiku ndi mtundu wa katundu. Mufunse kuti khutu limodzi likasiya kulira sabata yamawa, chichitike n'chiyani. Bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo a ogula, ndipo lakhala likuchenjeza eni masitolo za zikwangwani zonena kuti katundu akagulidwa sabwezedwa. Koma popanda lisiti mudzayambira pati?

Achimwene a kabaza, njinga yakapalasa kapena yamoto, ndi inu oyenda pansi m'mbali mwa M1, ndikupempheni. Mahedifoni amene ndawayamikira kuti amatseka bwino khutu ndi omwewo amene angakubisireni hutala ya lole. Pamsewu valani khutu limodzi, ngati n'kofunika kuvala n'komwe. Ena odulirapo ali ndi batani lolowetsa mawu a kunja, ndipo alipo ena osalowa m'khutu konse, ongogunda pa fupa la patsaya, monga a Shokz. Besi wawo ndi wochepa, koma msewu mumaumva.

Makutuwo tiwasamale. Bungwe la World Health Organization likuti achinyamata oposa 1 biliyoni padziko lonse ali pa chiopsezo choonongeka makutu chifukwa cha kamvedwe kosasamala. Muyezo umene linakhazikitsa pamodzi ndi bungwe la ITU mu 2019 ndi wakuti munthu wamkulu asapitirire madesibelo 80 kwa maola 40 pa sabata, ndipo mwana asapitirire 75. Mukakweza ndi madesibelo 3 okha, nthawi yotetezeka imatsika ndi theka. Pa 83 ndi maola 20. Pa 95 ndi ola limodzi ndi mphindi 15, sabata yonse. Mahedifoni ambiri mukawakweza mpaka pothera amapitirira 100. Timinyewa ta m'kati mwa khutu tikafa sitimeranso, ndipo sitifa ndi ululu woti n'kukuchenjezani. Chizindikiro chake ndi kulira kwa m'khutu mukavula, kapena kumva anthu ngati akulankhulira kutali. Apa mpamene kamphira kokwana bwino ndi ANC zimapindulitsa zenizeni, chifukwa chimene chimatikwezetsa voliyumu m'minibasi ndi kulimbana ndi injini. Phokoso la kunja likachepa, dzanja silipitanso pa batani. Foni ikakuchenjezani kuti mwakweza mopitirira, si kuti yaonongeka. Yesetsani kusadutsa magawo 60 pa 100 a voliyumu, ndipo muzipumitsa makutu.

Kubwerekana timahedifoni ta m'khutu nakonso kuchepe, chifukwa timanyamula phula ndi tizilombo kuchoka khutu lina kupita lina. Chotsani timphira kamodzi pa sabata, mutitsuke ndi madzi a sopo, tiume bwino musanabwezere. Kasefa ka kunsonga mukapukute ndi kamswachi kouma, osati singano. Khutu limodzi likayamba kumveka motsika kuposa linzake, yambani mwayang'ana pamenepo. Nthawi zambiri ndi phula latseka, ndipo anthu ataya mahedifoni abwinobwino pa chifukwa chimenechi.